Lezala limodzi, ndipo Neusa ali pamzere

Aphungu,

Mtima wanga uli m'mwamba. Amuna anga a Rashide ndi msodzi ku Amaramba, ndipo chibwerereni kunyanja mwezi watha sali bwino. Munthu amene ankapukuta mbale, lero akangomva fungo la mafuta, nseru. Amangogona, akuti kukupweteka pansi pa nthiti za kumanja. Tinkati ndi malungo, tinagula mapiritsi pamsika, koma ayi ndithu. Tsopano maso achita chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka.

Apongozi anga akuti asodzi anzawo awalodza chifukwa cha bwato latsopano. Aitana sing'anga wa ku Itepela kudzatema mphini Loweruka. Ayamba ndi wodwalayo, kenako tonsefe, lezala lomwelo, ati kuti mankhwala amange nyumba yonse. Ngakhale Neusa wanga wa miyezi isanu ali pamzere! Nditakana apongoziwo anandikalipira kuti, "Mwana wadzulo iwe, ukufuna mwana wanga afe?"

Ndikuopa, Aphungu. Nditani?

M. C., Mandimba

Amayi a Neusa,

Mantha anuwo ngoyenera. Maso achikasu, mkodzo wakuda, nseru, kufooka ndi ululu wa kumanjako zimaloza ku chiwindi. Akhoza kukhala matenda otupitsa chiwindi, aja kuchipatala amati hepatiti, koma chotsimikiza ndi kuyeza magazi basi. Mawa lomweli apite kuchipatala, ndipo akawatumiza kuchipatala chachikulu ku Cuamba musazengereze. Akayamba kusokonezeka mutu, kusanza kosalekeza kapena kutupa mimba, musadikire n'komwe kuti kuche.

Mapiritsi apamsika ndi zitsamba alekeretu, chiwindi chodwala sichifuna katundu wina. Inunso mukayezetse, ndipo khadi la katemera la Neusa mukalionetse kwa anamwino. Mitundu ina ya matendawa imabwera ndi madzi akumwa auve, ina imayenda m'magazi ndi pogonana. Choncho kondomu kaye, ndipo lezala ndi mswachi aliyense zake.

Apongoziwo musakangane nawo, nawonso ndi mantha a ubereki. Apempheni akuperekezeni, akamve ndi makutu awo. Zikakanika, itanani amalume a amuna anu.

Koma pa za lezala, pepani, palibe zokambirana. Magazi a wodwala asalowe m'thupi la wina aliyense pakhomopo. Mkwiyo wa apongozi udzatha, koma kachilombo koyenda m'magazi kakalowa mwa khanda, kawirikawiri kamakhalamo moyo wonse. Loweruka likafika, Neusa mumubereke kumbuyo, mumange nsalu zolimba, ndipo musamutsitse.