Kugogoda Kawiri

Lolemba, 3 Malichi

Bambo atuluka m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja lakufa, mwendo ukukoka, pakamwa papotoka. Mawu palibe. Adokotala akuti mwina abwerera, mwina ayi, kutanthauza kuti nawonso sakudziwa.

Chikuku sichikukwana pakhomo la kubafa. Ndawasambitsira kuchipinda pampando wapulasitiki, iwo maso kudenga, ine maso m'beseni. Munthu waphunzitsa Chingelezi moyo wake wonse, lero ngakhale kupempha madzi sakutha.

Kushopu ya magalasi a maso andipatsa tchuthi mpaka kutha kwa mwezi. Abwana: "Pita, koma maso a anthu sadikira."

Lachitatu, 5 Malichi

Achimwene aimba. Zonse anakonza kale. Bambo akakhale kwawo, kuli chipinda chakuseri ndi mayi wantchito. Nyumba ino itsekedwe. Abwera pa 22 ndi galimoto.

Ndati tiyambe tawafunsa eni ake. "Ufunsa ndani? M'mutumo mulibenso munthu."

Sindinalimbane nawo. Achimwene ukawatsutsa amangowonjezera mawu, mfundo ikhala yomweyo. Koma bambo si kabati yoti n'kungonyamula. Ngati akumva, afunsidwe, ndipo ndikudziwa chimene angayankhe: muno ndi mwawo. Chatsala n'kuonetsa achimwene kuti akumva.

Matewera a akuluakulu adula zosayamba.

Loweruka, 8 Malichi

Kwabwera mayi wa kuchipatala wophunzitsa odwala kulankhula. Wawaonetsa zithunzi, galu, mpira, nyumba. Bambo angoyang'ana pazenera. Pochoka wandiuza kuti ndiyese chinthu chimene anazolowera kwambiri asanadwale.

Chimenecho sichisowa. Tebulo la pabalaza. Tili ana, ine ndi achimwene, Loweruka lililonse ankatikhazika pamenepo n'kutulutsa za kukhitchini. Zowerengeka kumanzere: mazira, masupuni, makapu, machesi. Zosawerengeka kumanja: shuga, mchere, mafuta, madzi. Kumanzere "many" ndi "few", kumanja "much" ndi "little". Ukalakwa sankakalipa. Ankangogogoda patebulo kawiri ndi chala, iwe n'kukonza wekha.

Ine ndinatsutsapo kuti mpunga umawerengeka. Anandipatsa kapu yodzaza n'kunena kuti, "Werenga, tikudikira." Ndinagonja kapu isanatsike n'komwe.

Ndiyalanso tebulo lija.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndayala. Mazira kumanzere, shuga kumanja, bambo pakati pachikuku chawo.

"How many eggs." Zii. "How much sugar." Zii. "A few spoons, a little salt." Angondiyang'ana, malovu akutsika. Ndapukuta, ndabwereza pang'onopang'ono ngati mphunzitsi ndine. Palibe ngakhale kuphethira kwachilendo.

Buledi ndinaima naye m'manja. Ukamuona ndi mmodzi ndithu, koma bambo ankamuika kumanja, amati owerengeka ndi mapisi ake. Ndamuika kumanja. Sanasinthe nkhope.

Dzira limodzi lagubuduzika n'kusweka. Kukolopa.

Lachisanu, 14 Malichi

Chimodzimodzi dzulo, chimodzimodzi lero. Ziganizo zanga zolondola bwinobwino, iwo duu.

Abwana aimba masana. Ndayankhira pabalaza pompo, bambo anali atatsinzina. Akuti pa 1 ndikapanda kuoneka alemba wina, makasitomala akubwerera ndi magalasi osakonza. Ndati ndamva, koma bambo anga sindingawasiye, ngati n'kulemba wina alembe. Mawu anatuluka mosavuta. 

Ntchito imeneyo ndinaipeza movutikira. Zilibe kanthu.

Msana ukuwawa. Kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pachikuku kukufuna anthu awiri, ine ndilipo ndekha.

Lolemba, 17 Malichi

Mmawa ndayala tebulo mwamwambo chabe, mtima kulibe. Tulo tili m'maso. M'malo mwa "many" pakamwa patuluka "How much eggs."

Go, go.

Chala cha dzanja lamanzere, patebulo, kawiri. Ndinayesa mwina ndi kunjenjemera kwa matenda. Ndanena dala, "Many sugar." Go, go. "A little spoons." Go, go, ndipo diso lija la kale, loyang'ana pamwamba pa magalasi ngakhale magalasiwo sanavale. Ndakonza, "A few spoons." Chala chagona.

Ndiye wopusa ndine. Bambo chibadwire sanayamikirepo yankho lolondola. Ukakhoza ankangokhala chete, n'kudikira funso lotsatira. Sabata yonseyi ndakhala ndikukhoza, iwo akundichonga mwa njira yawo, ine n'kumati mulibe munthu.

Ndapita kukhitchini kukalira pang'ono. Tiyi anazizira.

Lachinayi, 20 Malichi

Tsopano ntchito yanga ndi kulakwa. Ndimasakaniza, ziwiri zolondola, chimodzi cholakwika, sanaphonyepo. Ndaika mchere kumanzere dala, aukankhira kumanja ndi kuseri kwa dzanja mpaka watayika. Pa "many rice" agogoda mwamphamvu, ndikhulupirira akukumbukira kapu ija.

Achimwene sindinawauze. Akanati ndikulota. Adzaone okha.

Masana ndagona patebulo pompo, mutu pakati pa makapu. Chondidzutsa ndi fungo la mpunga wopserera. Bambo anali akundiyang'ana, kaya kuyambira nthawi yanji. Ndawauza kuti ndili bwino, ndimangopumitsa maso. Chala chinasuntha pang'ono, koma sichinagogode.

Poto ndamunyika, mwina apulumuka.

Loweruka, 22 Malichi

Achimwene abwera, ndi makatoni. Moni kwa bambo mokuwa, ngati odwalawo ndi makutu. Tebulo ndinali nditayala kale koma sanandipatse mpata, akuti masewera a ana tichite tsiku lina. Angoyamba kuzungulira m'nyumba, foni kukhutu, kuuza alamu zoti zinyamulidwe. M'Chingelezi, kuti bambo asadandaule. Achimwene amaiwala msanga amene anawaphunzitsa Chingelezicho.

Aima pashelefu, dzanja m'thumba. "Too much books, we will leave them."

Go, go.

"Too many books," achimwene akonza okha asanaganize n'komwe, dzanja latuluka m'thumba. Kenako atembenuka. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kuima njo ngati mwana wa sukulu. Foni ikulankhula yokha, alamu akufunsa ngati netiweki yathawa.

Achimwene akhala pansi. Ayesa okha, "much cups", "few water", bambo osaphonya. Achimwene apukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti muno muli fumbi. Kenako: "Chabwino mlongo, wapambana. Afunse."

Ndinali nditakonzeka. Kufunsa sikuthandiza, bambo sayankha mafunso, amachonga ziganizo. Ndiye ndanena momveka bwino, m'Chichewa: "Bambo akhala muno, ndiziwasamala ine."

Go, go.

Ndinayesa sanamve. Pa Chichewa anali asanagogodepo. Ndanenanso mwa njira ina: "Ndikwanitsa ndekha, ntchito ndidzapeza ina."

Go, go. Osayang'ana achimwene, kuyang'ana ine.

Achimwene anena motsitsa mawu, koyamba m'moyo wawo: "Bambo apita ndi ine." Chala chili gone patebulo. Tadikira. Chili gone.

Ndiye kuti tsiku la foni ya abwana lija bambo sanali m'tulo.

Lamulungu, 23 Malichi

Apita mmawa. Mabuku onse alowa m'galimoto, achimwene anyamula okha, palibe latsala. Chipinda chakuseri chija akuti ayi, bambo akagona choyandikana ndi pabalaza. Alamu ndawalembera pafoni: mankhwala, kawatembenuzidwe pabedi, ndiponso kuti akafuna kudziwa maganizo awo anene chiganizo n'kuyang'ana chala. Akakhala chete ndiye kuti mwakhoza, musadikire kuyamikiridwa.

Zandipweteka. Ndinkafuna kuti amve, sindinaganize kuti akumva zonse.

Ndachapa zofunda. Mpando wapulasitiki ndaubwezera panja.

Lachiwiri, 1 Epulo

Kuntchito. Abwana: "Wabwera?" Basi. Magalasi osakonza thireyi yodzaza, agogo ena akhalira awo mpaka mwendo wa magalasiwo wapindika. Ndawongola. Msana wayamba kuleka.

Pobwera ndagula mazira. Tebulo sindinachotsebe, makapu kumanzere, shuga kumanja, nyerere zapeza kale njira. Ndaika mazira pamalo pake, ndakhala pampando wanga wakale.

"How much eggs," ndanena mokweza.

Ndadikira ndithu.