Ndasintha Difu ya Galimoto Ija

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo. Padutsa madzinja awiri chikuperekezereni kumanda, koma ndimaiwalabe n'kugula sopo wanu pa tsiku la msika ku Kamwendo.

Mtedza wachita bwino chaka chino. Nkhumba zokha ndiye zinatha ndi chigodola, yatsala imodzi yamakani ija. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, chipumi chake ndi chanu chenicheni, ndipo akayamba kulira samva za munthu.

Chondilembetsa kalatayi ndi galimoto imene Ababa anatisiyira, ija anagula kwa mzungu wa kuesiteti ya fodya. Mukukumbukira mmene munkanenera tikamapita kutchalitchi? "Yohane, galimotoyi ikubuula m'chiuno ngati ine." Ine, makanika wodziwika pa Kamwendo, ndinkangoseka n'kumati zitsulo muzisiyire ife. Inu munkangoti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Pali chimene sindinauzepo munthu. Shafuti yozunguza tayala la kumbuyo inali itang'aluka kale, ndipo ndinkadziwa. M'malo mosintha difu yonse, chija chitsulo chachikulu cholumikiza matayala a kumbuyo momwe mumakhala shafutiyo, ndinangowotcherera n'kubwezera, n'kumati ndidzakonza bwino ntchito za anthu zikachepa. Tsiku lija chibayo chitakukulirani, tikuthamangira kuchipatala cha kuboma, shafuti ija inathyokera powotchererapo, pakati pa dambo la kwathu ku Zulu. Injini inkalira koma matayala osazungulira. Pamene ngolo ya ng'ombe inkafika, inu n'kuti mutatsirizika pamiyendo ya Esinati. Anthu pamaliro ankati ndi matope. Sanali matope, Amayi, ndinali ine.

Galimotoyo inakhala pa njerwa kuseri kwa galaja, nkhuku n'kumaikiramo. Amalume anabwera kawiri. "Gulitsani chigalimotochi, chili ndi minyama," ankatero. Ndinkakana, koma kuigwira ndinkaopanso. Abale atagwirizana zomanga chiliza chanu, ndinadziuza kuti simenti yake sikwera galimoto ya munthu wina.

Ndinapeza difu ya kalole kamene kanaphwanyika kutsogolo, cha ku Chipata. Inali yaitali ndi yolemera, moti tinainyamula amuna anayi. Zokhalira masipuling'i sizinkagwirizana, ndiye ndinazidula, n'kuyeza ndi chingwe katatu ndisanazilumikize pamalo atsopano. Polopushafuti, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku difu, ndinaifupikitsa. Matayala a Ababa ndi a mabawuti anayi pomwe difuyi ndi ya sikisi, choncho kumbuyo ndaika matayala a lole omwewo, ndipo ndinachita kudula malata a bode kuti alowe. Tsopano matako ali m'mwamba, mphuno pansi. A kabaza akaiona amakuwa, "A Phiri, mwapanga galimoto kapena chule?" Mukanaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Liwiro lachepa, mafuta ikumwa ngati mlendo, koma kubuula kuja kwatha.

Loweruka lapitali ndinakweza simenti ndi miyala, ulendo wa kumudzi. Madzi m'dambo muja sanaphwe. Nditafika m'mphepete ndinaima. Ndinaika giya yoyamba n'kulowa. Inadutsa, Amayi, osaterereka ngakhale pang'ono, pamalo omwe aja. Kutsidya ndinazimitsa injini n'kulira ngati mwana, mpaka mayi wina wochokera kudimba anatula dengu lake n'kundifunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndikanamuuza bwanji kuti ntchito yonse yosintha difuyi inanditengera masiku atatu okha? Masiku atatu, Amayi, ndipo ine ndinali nazo zaka ziwiri inu mukundiuza.

Mundikhululukire. Esinati ndimuuza zoona zake tisanavundukule chiliza, ngakhale atadana nane, chifukwa iye mpaka lero amadziimba mlandu kuti anachedwa kundiitana.

Moni kwa Ababa. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wosamva,
Yohane