Cholembera cha mwana wa a Kapinga

Amayi anga, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Ife kuno ku Mbamba Bay, kutsidya lino la nyanja, tilipo, kungoti nyumba yatikulira. Mpongozi wanu Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chinangwa cha kumunda wa ku Chiwanda takumba, chili m'madzi. Usipa ndiye wavuta, mwera sukulola anthu kulowa panyanja. Denga la khitchini sitinakonzebe.

Koma chandikhazika pansi si denga ayi. Nkhani ya mapemphero yabukanso kusukulu.

Zaka zonse zija munkaima pamzere wam'mawa kupempherera ana asanalowe m'kalasi. Mayeso a darasa la saba, kalasi yomaliza ya pulayimale, akayandikira, anawo ankaponya zolembera zawo m'lichero lanu, inu n'kusanjikapo manja. Munkayamba m'Chiswahili, koma mtima ukatentha munkagwera m'Chichewa cha kwanu ku Nkhotakota. Munkati, "Chiswahili Mulungu amamva, koma ndikafuna kumuumiriza ndimamuuza m'chathu."

Pamsonkhano wa makolo chaka chatha, Amayi Mwanaisha anaima n'kunena kuti sukulu ndi ya boma, ana a Chisilamu asamaimitsidwe pa pemphero losakhala lawo. Ananena mwaulemu, ndipo mukudziwa kuti ine ndinkaona nzeru m'mawu awowo. Tinakanganapo tikusenda chinangwa, ine ndi zam'mabuku zanga, inu mukuseka kuti, "Iwe Mariya, mabuku akulanda mawondo." Amayi Mwanaisha omwewo ndi amene anatitungira madzi pamaliro anu. Ndilibe nawo chifukwa.

Mlandu wanga uli ndi a Kapinga, apampando a kamati ya sukulu. Mwana wawo wamkulu anali atalephera mayeso, ndiye iwo sananene za boma kapena za chipembedzo. Anakulozani chala. "Mmalawi uyu amanena chiyani pa zolembera za ana athu? Alipo pano amene amamva? Wanga anam'manga dzanja ndi ufiti wakewo!" Ena anaseka, ena sanaseke. Mapemphero analetsedwa tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo azimayi anayamba kudutsa thandala lanu la usipa osagula, ana akakuonani ankabisa manja kumbuyo. Kuchipatala anati chakutengani ndi kuthamanga kwa magazi. Iwo sankakuonani m'mawa belu la sukulu likalira, mutamanga kale duku, kenako n'kukhalanso pansi. Ine ndinkakuonani.

Zotsatira za mayeso a chaka chathacho zinatuluka zoipa, ndipo tsopano makolo akufuna mapemphero abwerere. Akutsogolera ndani? A Kapinga omwewo, poti chitsirizira chawo, Neema, alemba chaka chino. Akuti azipempheretsa iwowo. Anandipeza pamsika, nkhope ili gwa. "Chemwali, Loweruka pamsonkhano udzatithandize mawu. Amayi ako ankazikonda zimenezi." Ndinangowayang'ana mpaka anayamba kufunsa mtengo wa tomato.

Dzulo masana kunabwera akazi awo, kudzera kuseri kwa nyumba, atakulunga cholembera chatsopano cha Neema pansonga ya chitenje. "Mwanangu, pemphero la amayi ako lija umalidziwa. Ungonenapo pang'ono, bambo asadziwe." Ine ndinati, "Pemphero la mfiti mukulifuniranji, mayi?" Analira, Amayi, ndipo sindinawatonthoze, ine amene munkati ndimapepesa ngakhale nkhuku. Cholemberacho ndinalandira. Ndinawauza kuti adzachitenge amuna awo Loweruka, pamaso pa anthu.

Ndikudziwa kuti mukanandidzudzula. Inu munkawapatsabe moni a Kapinga mpaka sabata imene munagona. Ine mtima umenewo ndaufunafuna, sindinaupeze.

Tsono Loweruka ndidzakhala pambali pa Amayi Mwanaisha, ndipo ndidzakweza dzanja kukana mapemphero amene munkawakondawo. Mundikhululukire. Pakamwa pamene panakutchani mfiti sipadzanena kuti "tiyeni tipemphere" pabwalo la sukulu lija, pokhapokha patayamba patchula dzina lanu n'kuvomera kuti pananama. Akatero, tidzakambirane za mapemphero ngati anthu, a Chikhristu ndi a Chisilamu omwe, ndipo ndidzamvera zimene tidzagwirizane. Akakana, ndidzatulutsa cholembera chija n'kuwafunsa kuti chinafika bwanji kunyumba ya mfiti. Akazi awo ndikuwamvera chisoni, koma chisonicho sichidzanditseka pakamwa.

Neema alibe mlandu. Ndamupempherera kale m'mawa uno, m'Chichewa, mawu anu omwe aja. Zimenezo zikhale za inu ndi ine. Bambo ake asagone tulo kufikira Loweruka.

Pumulani, Amayi. Ndikukulonjezani kuti dzina lanu ndidzalitsuka pabwalo pomwe analidetsera, anthu omwe aja akuona.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariya