Ndakana Ula wa Inki

Ndola
12 Ogasiti 1958

Okondedwa akulu anga a Pius,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumudziko. Ife kuno tili moyo, kungoti kamwana kathu Elina kakutsokomola ndi fumbi la mwezi uno.

Kalata yanu ndalandira. Mwati ndikapepese kwa azungu, ndisiye kuuma mutu kwa mpingo wathu wa Chitawala. Mwamva mbali imodzi, akulu, tsono imvani yanga.

Kampani yathu ya malole idafuna kukweza munthu wakuda kukhala kapitao, ndipo dzina langa lidalipo. Adaitanitsa mzungu wa ku Joni, amene akuti adaphunzira za maganizo a anthu. Tsiku loyamba adatipatsa timatabwa kuti tilumikize, iye maso ali pa wotchi. Apo sindidaone cholakwa, ndi ntchito ya manja.

Tsiku lachiwiri ndiye adatulutsa makadi othimbirira inki, ngati mwana wagubuduzirapo botolo. Akuti ndinene chimene ndikuona, iye adziwa mtima wanga, kaya ndine waukali, kaya wamantha, kaya woyenera kulamula anzanga. Ndidamufunsa kusiyana kwake ndi ula wa Gwaza, sing'anga uja adayang'ana m'mbale ya madzi n'kupezamo ufiti wa azakhali athu. Inu mudalipo tsiku limene azakhaliwo adathamangitsidwa pamudzi.

Mzunguyo sadakwiye, ndisamunamizire. Adafotokoza mofatsa kuti si za mizimu, makadi omwewo adaonetsa anthu mazanamazana ndipo amangoyerekeza mayankho. Adati munthu akayang'ana chinthu chosadziwika mutu wake umatulutsa za mumtima osadziwa, zina za paubwana. Ndidamuuza kuti za mumtima mwanga amazidziwa ndi Yehova. Ngati akufuna kudziwa mmene ndimakhalira ndi anthu, akafunse amene ndasenza nawo matumba zaka zonsezi.

Anzanga anali atapangana kale kukomboni kuti aliyense azinena gulugufe, poti ukatchula magazi kapena mkango akulemba kuti ndiwe wa chipani cha Kongiresi. Cyril, Mbemba wa ku Kasama, adaona agulugufe okhaokha pa makadi onse, mawu aulemu akwawo aja oti mukwai mukwai ali pakamwa. Lero kapitao ndi iyeyo.

Chidandiwawa ndi ichi: nditakhala chete, mzungu uja adalembabe. Akuti kukana nakonso ndi yankho. Ukayankha wakodwa, ukatseka pakamwa wakodwanso! Ndidapsa mtima, sindikubisa. Kwa manijala adakanena kuti ndine wosamvera, ndingathe kusokoneza antchito ena.

Lolemba lapitali adandiitananso, akuti ndi mwayi womaliza. Mlamu wanu Rebecca adandigwira mkono pakhomo akulira, akuti ndingonena gulugufe, liwu limodzi lokha, kuti nyumba ya kampani isatichoke. Ndidamumvera chisoni, ndipo mpaka pano chikundidya. Koma pa khadipo panalibe gulugufe, akulu. Ndidati ndi inki, n'kumubwezera khadi lake.

Ntchito yatha. Nyumbayi tituluke mwezi ukamatha.

Tsono pempho langa ndi ili. Rebecca ndi ana akwera basi Loweruka likudzali, mukawachingamire ku Fort Jameson. Muwapatse kanyumba kaja kali kuseri kwa nkhokwe, ndipo musamunyoze mkazi wanga, iye adayesetsa kundiletsa. Ine ndatsala kuno. Mbale wina wa mumpingo wandipatsa pogona kukomboni ya Chipulukusu, ndizifuna maganyu. Kupepesa kokha ndiye iwalani, sindidabe kanthu ka munthu.

Yehova akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa a Wilfred ndi onse a pamudzi. Amayi muwafikire bwino ndi nkhaniyi. Akamva mphekesera zoti mzungu wapeza kuti mutu wa mwana wawo wasokonekera, muwauze kuti sindidapenge. Ndidangokana.

Ndine mng'ono wanu,
Absalom