Masana a Marita

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, koma mtima wanga sukukhazikika.

Mlongo wanga Agnesi wabereka mwana wamwamuna ku Golomoti, ndipo onse ali bwino. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, tafoleranso.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi mdzukulu wanu Marita, amene munamusiya akukwawa. Lero ali mu Sitandade 8. Aphunzitsi ake anayambitsa zimene akuzitcha patitaimu: ana akaweruka, amabwereranso masana kukaphunzira molipira. Ine, amene ndagwira choko kufikira imvi, ndinakana. Ndinati mphunzitsi wobisa phunziro m'mawa kuti akaligulitse masana sasiyana ndi wamalonda wotapa usipa pa mulu wogula atacheuka. Mpongozi wanu anandiyankha pamaso pa ana kuti, "Ulemu wanuwo, abambo, kodi ndiwo ukalembe mayeso?"

Ndinamva pa wailesi kuti ngakhale ku Korea, dziko la olemera, mkangano ndi womwewu. Ana akumeneko akachoka kusukulu amakalowa sukulu ina. Ena akuti ubwana ukutha, ena akuti wosapitako atsala. Kani si nthenda ya amphawi okha.

Inu munkati, "Mwana wosaponda matope sadziwa kumene chakudya chimachokera." N'chifukwa chake masana Marita ndimamutuma kudambo kukapirikitsa mbalame, pakuti mpunga wa m'munda wanu wabereka ndipo ukucha. Koma sabata yatha analemba mayeso oyeserera, nakumana ndi mafunso a zinthu zimene sanazimvepo. Anzake a masana anayankha akuseka. Iye sanalire. Anangoika pepalalo patebulo panga, natenga chitini chake choopsezera mbalame, ulendo kudambo. Zimenezi zikundidya, Amayi. Akapanda kusankhidwa kupita kusekondale, ndidzamuuza kuti chiyani? Kuti atate ake anali olondola?

Mawa ndimulola apite ku patitaimu. Mpungawo sungatsale wopanda mlonda, choncho ndikaima ndekha m'matope, chitini m'manja, m'mbali mwa njira imene anthu amene ndinawaphunzitsa amadutsamo pa njinga popita ku Mtakataka. Wofuna kuseka aseke.

Ndikukulonjezani kuti mpunga wanu ulowa m'nyumba, ndipo Marita akalowa m'chipinda cha mayeso atamva zonse zimene anzake amva. Koma kuti mchitidwewu ndi wabwino, pakamwa panga sipadzanena.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Benedikito