Wakuba Nswala Wavala Kolala

Lachisanu madzulo. Lero mtima wakhala pansi.

Ndani analamula kuti nswala zikabereka pafamu tizithirira nkhandwe poizoni, ati ndizo zimagwira tiana take? Poizoniyo amapha ndi miimba yomwe. Nditakana, Ba Phiri, bwana wanga, anati: "Iwe wa digiri, kamwana ka nswala kena kakafa, ubwerere kwanu ku Chililalila ukagulitse matimati."

Ndinatchera msampha wosapha pabowo lomwe ndinapeza pampanda wa famu. Lero m'mawa ndapezamo galu wonenepa wovala kolala m'khosi, yemwe ndimamuona kunyumba za asilikali a ndende ku Mukobeko. Nkhandwe timangozinamizira!

Ba Phiri angokanda mutu modabwa: "Awe mwandi."

Tiana ta nswala totsala tonse tili moyo, ntchito ikadalipo. Sindinadikire chilolezo. Ndatseka bowo ndi waya, galu ndamukweza m'galimoto, ndakagogoda kwa mwini wake.