Polishi wa Alamu pa Tebulo la Tadala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Balaka. Ife kunja kuno ku Ilford tilipo, kungoti msana ukundivutabe, ndipo mtima ukundiwawa chifukwa cha akazi anu.

Mukudziwa kuti mwana wanga Tadala akukwatiwa mwezi wamawa. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikumukhomera tebulo ndikaweruka kuntchito. Matabwa ake ndi a tcheri wakuda, mtengo wa ku Amereka. Ukangoupala umaoneka wotuwa, koma ukamaombedwa ndi dzuwa umafiira wokha pang'onopang'ono mpaka kukongola kuposa mbawa. Umangofuna timafuta ndi kudekha basi. N'chifukwa chake tebulolo ndinaliika pawindo.

Lachiwiri alamu anali pa ofu kuchipatala kumene amagwira ntchito, ndiye anatsala pakhomo. Pobwera ndinapeza atalipaka lonse polishi wofiira wapansi, uja anabwera naye m'sutikesi. Akuti, "Alamu, linali lotumbuluka ngati lodwala, anthu akanatiseka paukwati." Kupepesa ayi, iwo ankadikira zikomo!

Polishiyo walowerera m'thabwa. Ndapala masiku awiri, mawanga akadalipo, ndipo ukatsamirapo chovala chimafiira. Tadala atangoliona anayamba kulira.

Munandipempha kuti ndiwasunge miyezi iwiri, pano chaka chakwana. Aimbireni foni muwauze afune chipinda kwina, chifukwa ndikalankhula ine titukwanizana.

Mulungu akusungeni, ndipo mupereke moni kwa ana. Tebulolo ndikutumizirani pa kontena. Muzidyerapo inuyo, mutavala malaya anu oyera a kutchalitchi aja.

Ine mng'ono wanu,
Lameki